Kagawidwe ka Memori pa Seva ya Database: Malangizo a Pang'onopang'ono

Mapulogalamu a database monga PostgreSQL ndi MySQL amabwera ndi ma setting a memori ochepa kwambiri, ndipo opanga ake anachita zimenezi mwadala pofuna kuti pulogalamuyo ithe kuyaka ngakhale pa kompyuta yofooka. Mu PostgreSQL, setting ya `shared_buffers`, imene ndi memori yosungiramo masamba a deta owerengedwa kuchokera pa disiki, imayambira pa 128MB, ndipo mu MySQL setting ya `innodb_buffer_pool_size` imayambiranso pa 128MB pomwepo. Choncho munthu amene ali ndi seva ya RAM yokwana 32GB n'kusiya zonse monga zinabwerera, database yake imangochedwa, koma siigwa. Amene amapeza mavuto aakulu ndi uja amene amakweza nambala iliyonse imene waiona, pakuti seva yake imathamanga bwino kwa kanthawi kenako n'kugwa pa nthawi imene anthu ambiri akuidalira. Malangizo otsatirawa atsamira pa PostgreSQL yoyenda pa Linux, ndipo pamene MySQL imasiyana nayo patchulidwa.

Mfundo imene ikulamulira ntchito yonseyi ndi yakuti memori ya database ili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi memori imene imatengedwa kamodzi pamene pulogalamu ikuyaka, ndipo onse olumikizana ndi database amaigwiritsa ntchito limodzi. Kukula kwake kumadziwikiratu ndipo sikusintha. Gulu lachiwiri ndi memori imene connection iliyonse imatenga payokha, kapenanso gawo lililonse la query (lamulo lofunsa kapena losintha deta), kutanthauza kuti nambala imene mwalemba mu fayilo imachulukitsidwa malinga ndi kuchuluka kwa ntchito pa nthawiyo. Anthu amakonda kutaya nthawi pa gulu loyamba chifukwa manambala ake ndi aakulu, koma kawirikawiri chimene chimagwetsa seva ndi gulu lachiwirili.

Choyamba, dziwani memori imene muli nayo

Lembani lamulo la `free -h` ndipo muwerenge nambala imene ili pansi pa mawu akuti available, osati pansi pa free. Linux imatenga memori iliyonse yongokhala n'kusungamo zidutswa za mafayilo amene awerengedwa posachedwa (zimenezi ndizo zimatchedwa cache), ndipo imaibweza pulogalamu ina ikaifuna. N'chifukwa chake nambala ya free imakhala yochepa ngakhale pa seva imene ilibe vuto lililonse. Kenako onani ngati seva imeneyi ndi ya database yokha. Ngati ilinso ndi pulogalamu ya webusaiti kapena yotenga ma backup, memori ya zimenezo ichotsedwe kaye, ndipo masamu onse ayambire pa yotsalayo. Database ikakhala mu container (malo opatulidwa pa kompyuta okhala ndi malire akeake), malire amene container yapatsidwa ndiwo enieni, chifukwa `free` imaonetsa memori ya kompyuta yonse, imene database yanu siyiloledwa kuimaliza.

Koperani fayilo ya `postgresql.conf` n'kuisunga padera musanaikhudze; lamulo la `SHOW config_file;` likuuzani pamene ili. Mukatero lembani penapake manambala amene akugwira ntchito panopa:

```
SELECT name, setting, unit, context FROM pg_settings
WHERE name IN ('shared_buffers', 'work_mem', 'maintenance_work_mem',
               'effective_cache_size', 'max_connections');
```

Musadabwe mukaona `shared_buffers` ili pa 16384, popeza imawerengedwa m'masamba a 8kB, ndipo masamba 16384 ndiwo 128MB. Chofunika kwambiri pa zotsatirazi ndi zimene zili pansi pa context. Pamene palembedwa kuti postmaster, setting imeneyo siisintha mpaka database itazimitsidwa ndi kuyatsidwanso, ndiye kuti muyenera kupangana ndi ogwiritsa ntchito za nthawi yochitira zimenezi. Pamene palembedwa kuti user, mukhoza kusintha nthawi iliyonse, ngakhale pa query imodzi yokha.

Chachiwiri, yezani musanasinthe kanthu

Popanda manambala a poyamba simungadziwe ngati mwakonza kapena mwaononga. Pa nthawi imene seva imatanganidwa kwambiri, lembani `vmstat 5` n'kuyang'ana manambala a si ndi so, amene amasonyeza memori yochoka ndi yopita ku swap, malo a pa disiki amene Linux imakankhirako memori RAM ikadzaza. Akamakhala pamwamba pa 0 mosalekeza, memori yaperewera kale, ndipo ntchito yanu ndi yotsitsa ma setting, osati yokweza. Onaninso `dmesg` ngati muli mawu akuti Out of memory, omwe ndi umboni wakuti Linux inaphapo process (pulogalamu yoyenda) ina chifukwa chosowa memori.

Mkati mwa database, `pg_stat_database` ili ndi manambala anayi ofunika. `blks_hit` imawerenga masamba amene anapezeka mu `shared_buffers`, `blks_read` imawerenga amene sanapezekemo, ndipo `temp_files` ndi `temp_bytes` zimasonyeza kuchuluka kwa ntchito imene inasefukira pa disiki chifukwa memori ya query inachepa. Pa `blks_read` pafunika kusamala, chifukwa tsamba limene silinapezeke mu `shared_buffers` likhoza kukhala kuti linachokera mu cache ya Linux osafika n'komwe pa disiki, choncho nambala imeneyi payokha siikwanira kuweruzira. Yatsaninso `log_temp_files` poiika pa 0, kuti fayilo iliyonse yosakhalitsa ilembedwe mu log pamodzi ndi query imene inaipanga, ndipo lolani log imeneyi idzaze kwa masiku angapo a ntchito yeniyeni. Ngati ikudzaza mofulumira kwambiri, ikani nambala yokulirapo monga 10MB kuti mugwire zazikuluzikulu zokha.

Chachitatu, memori yogwiritsa ntchito limodzi

Pa seva ya database yokha, poyambira pabwino pa `shared_buffers` ndi 25 peresenti ya RAM, ndiye kuti 8GB pa seva ya 32GB. Malangizo a PostgreSQL eni ake amanena kuti kupitirira 40 peresenti sikuthandiza kwenikweni, ndipo chifukwa chake n'chakuti PostgreSQL imawerenga mafayilo kudzera mu cache ya Linux. Tsamba limodzi likhoza kukhala m'malo awiri nthawi imodzi, ndipo mukapereka memori yambiri ku `shared_buffers` mwailanda ku cache imene database yomweyo imadalira. Mukakweza setting imeneyi kwezaninso `max_wal_size` (WAL ndi mafayilo amene database imalembamo kaye kusintha kulikonse), imene imayambira pa 1GB, kuti masamba osinthidwa asamalembedwe pa disiki mothithikana. Za `wal_buffers` musavutike nazo, pakuti ikasiyidwa pa -1 imadzitengera yokha gawo limodzi mwa magawo 32 a `shared_buffers`, osapitirira 16MB pa seva yokhala ndi mafayilo a WAL a kukula kwa nthawi zonse.

Apa ndi pamene MySQL imasiyana kwambiri, ndipo munthu wozolowera imodzi amalakwitsa akapita kwa inzake. InnoDB, gawo la MySQL losunga deta, imatha kulambalala cache ya Linux pamene `innodb_flush_method` ili pa `O_DIRECT`, motero `innodb_buffer_pool_size` imakhala nkhokwe yokhayo ya masamba ndipo imatha kufika 80 peresenti ya RAM pa seva ya database yokha. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kuyambira pansiko pang'ono, monga pa 70 peresenti, ngati ma connection ndi ambiri. Kuyambira mu MySQL 5.7 nambala imeneyi imasinthika database ikuyenda, koma imakwezedwa yokha kuti igawike bwino ndi kukula kwa zidutswa zake, zimene zimayambira pa 128MB, kuchulukitsa ndi chiwerengero cha ma instance (magawo amene nkhokweyo yagawidwamo). Choncho mukasintha, werenganinso nambala imene yakhazikika. Kufanizira `Innodb_buffer_pool_reads` ndi `Innodb_buffer_pool_read_requests` kumakuuzani kuti ndi kangati pamene tsamba silinapezeke mu memori. Malangizo akale otchula query cache musawatsatire, chifukwa inachotsedwa mu MySQL 8.0.

Chachinayi, ikani malire a ma connection

Gawoli liyenera kubwera musanakhudze `work_mem`, chifukwa `max_connections` ndiyo nambala yochulukitsira. Mu PostgreSQL imayambira pa 100, ndipo mu MySQL pa 151. PostgreSQL imayambitsa process yatsopano pa connection iliyonse, ndipo process iliyonse imadya memori yakeyake ngakhale itangokhala. Olemba mapulogalamu akamadandaula kuti ma connection akutha, njira yosavuta ndi kukweza nambalayi kufika 1000, koma njira yoyenera ndi kuika pulogalamu monga PgBouncer pakati, kuti makasitomala ambiri azisinthana ma connection ochepa. Kuti mudziwe chiwerengero chenicheni, werengani mizere ya `pg_stat_activity` imene state yake ndi active pa nthawi yotanganidwa. Nthawi zambiri mudzapeza kuti ma connection amene akugwiradi ntchito pa mphindi imodzi ndi ochepa poyerekeza ndi otseguka.

Chachisanu, work_mem

Setting imeneyi imayambira pa 4MB, ndipo ndi memori imene query imaloledwa kugwiritsa ntchito posanja mizere kapena pomanga hash isanayambe kulemba pa disiki. Chimene anthu amaphonya n'chakuti malire amenewa si a connection imodzi, ndiponso si a query imodzi, koma a gawo lililonse la query limene likusanja kapena kumanga hash. Query yolumikiza matebulo angapo n'kusanja zotsatira zake ikhoza kukhala ndi magawo otere anayi kapena kuposerapo, ndipo lililonse limaloledwa kutenga `work_mem` yathunthu. Query ikagawidwa kwa ma process othandizira, amene amayambira pa awiri malinga ndi `max_parallel_workers_per_gather`, aliyense wa iwo amalandiranso malire akeake. Pamwamba pa zimenezi, magawo a hash amachulukitsidwanso ndi `hash_mem_multiplier`, imene kuyambira mu PostgreSQL 15 imayambira pa 2.0.

Taonani masamu a munthu amene waika `work_mem` pa 256MB poganiza kuti ndi kachigawo kochepa ka 32GB. Ma connection 100 akayendetsa ma query a magawo anayi nthawi imodzi, memori imene yaloledwa ndi 256MB kuchulukitsa 400, zomwe ndi 100GB. Masiku wamba zimenezi sizichitika, chifukwa ma query ambiri ndi aang'ono ndipo amangotenga zimene akufuna. Zimachitika tsiku limene malipoti ambiri ayendetsedwa limodzi, kapena pamene disiki yachedwa pang'ono ma query n'kuyamba kuunjikana.

Njira yowerengera yoyenera imayambira pa memori yotsala. Pa seva ya 32GB, chotsani 8GB ya `shared_buffers`, 2GB ya Linux ndi mapulogalamu ang'onoang'ono, 3GB ya ntchito zosamalira database zimene zafotokozedwa m'munsimu, ndi 1GB ya ma process a ma connection. Patsala 18GB, ndipo mwa imeneyi ndi bwino kusiyira cache ya Linux pafupifupi 12GB. Choncho `work_mem` yonse pamodzi isapitirire 6GB. Ngati munapeza kuti ma query oyenda nthawi imodzi amafika 50, ndipo iliyonse ili ndi magawo atatu, gawani 6GB ndi 150 ndipo mupeza pafupifupi 40MB. Poganizira kuti magawo a hash amatenga kawiri, nambala ya pakati pa 16MB ndi 32MB ndiyo yotetezeka.

Nanga ma query aakulu amene 32MB siiwakwanira? Amenewo apatsidwe memori paokha, osati kukwezera aliyense. Tengani query imene inaonekera mu log ija n'kuiyendetsa ndi `EXPLAIN (ANALYZE, BUFFERS)`, pokumbukira kuti lamuloli limayendetsadi query yonse, motero yosintha deta iikidwe pakati pa `BEGIN` ndi `ROLLBACK`. Mukaona mzere wonga uwu, kusanja kunasefukira pa disiki:

```
Sort Method: external merge  Disk: 91200kB
```

Pa magawo a hash, chizindikiro chake ndi nambala ya Batches yoposa 1. Mu session yomweyo lembani `SET work_mem = '256MB';` n'kuyesanso, mpaka mzerewo utasintha n'kunena kuti quicksort ndi Memory. Memori yofunika imaposa nambala ya pa disiki ija, chifukwa mizere imatenga malo ambiri mu memori kusiyana ndi mu fayilo yosakhalitsa. Kenako fanizirani nthawi imene query yatenga. Ngati yangotsika pang'ono, kusefukirako sikunali vuto lenileni, makamaka pa disiki ya SSD, ndipo memori imeneyo musaipereke. Ngati yatsika kwambiri, ikani nambalayo pa akaunti yokhayo imene imayendetsa malipoti:

```
ALTER ROLE malipoti SET work_mem = '256MB';
ALTER ROLE malipoti CONNECTION LIMIT 5;
```

Mzere wachiwiriwo ndiwo umatseka mpata wa masamu oopsa aja. Njira ina ndi kulemba `SET LOCAL work_mem` mkati mwa transaction, kuti nambalayo ibwerere pakale ntchitoyo ikangotha. Muyang'anenso ngati query ikusanja mizere mamiliyoni chifukwa chosowa index, pakuti index yoyenera ikhoza kuchotseratu kusanjako, ndipo palibe memori imene ingapose kusachita ntchitoyo n'komwe.

Mu MySQL, ma setting a gulu limeneli ndi `sort_buffer_size` ndi `join_buffer_size`, amene amayambira pa 256KB, komanso `tmp_table_size` imene imayambira pa 16MB. Langizo lake ndi lomwelo: asiyeni ochepa pa seva yonse, ndipo muwakweze mu session imene ikuwafuna.

Chachisanu ndi chimodzi, ntchito zosamalira database

`maintenance_work_mem` imayambira pa 64MB ndipo imagwira ntchito pa `VACUUM` (kuchotsa mizere yakale yosafunikanso), pa `CREATE INDEX` ndi powonjezera foreign key. Popeza ntchito zimenezi siziyenda zambiri nthawi imodzi, 1GB ndi yabwino pa seva ya 32GB. Msampha wake uli pa autovacuum, imene imayendetsa `VACUUM` yokha osauzidwa: `autovacuum_work_mem` ikasiyidwa pa -1, process iliyonse ya autovacuum imatengera nambala ya `maintenance_work_mem`, ndipo ma process amenewa amayambira pa atatu. Ikani `autovacuum_work_mem` payokha pa 512MB, kuti atatuwo pamodzi asapitirire 1.5GB, mukaphatikiza ndi 1GB ija mumakhala mkati mwa 3GB imene munapatula.

`effective_cache_size` siitenga memori iliyonse. Imangouza PostgreSQL kuchuluka kwa cache imene ingayembekezere, kuphatikiza `shared_buffers` ndi ya Linux, kuti isankhe bwino pakati pa kugwiritsa ntchito index ndi kuwerenga tebulo lonse. Imayambira pa 4GB, ndipo pa chitsanzo chathu 8GB ndi 12GB zimapereka 20GB.

Chachisanu ndi chiwiri, mbali ya Linux

Linux imalonjeza mapulogalamu memori yoposa imene ili nayo, monga wokongoza ndalama amene amavomera aliyense poganiza kuti onse sadzabwera tsiku limodzi. Onse akabweradi, kernel, phata la Linux, imasankha process imodzi n'kuipha. Mu PostgreSQL zimenezi zimapweteka kwambiri, chifukwa process imodzi ikaphedwa mwadzidzidzi, database imadula ma connection onse n'kuyamba kudzikonza kuchokera mu WAL, poopa kuti memori yogwiritsa ntchito limodzi ija yaonongeka. Kuika `vm.overcommit_memory` pa 2 kumaletsa malonjezo opitirira malirewo, kotero kuti query yadyera imalephera yokha ndi uthenga wakuti memori yatha, zina zonse n'kumapitirira. Koma musaiwale `vm.overcommit_ratio`, imene imayambira pa 50. Malire ake ndi swap yonse kuphatikiza peresenti imeneyo ya RAM, ndiye kuti seva ya 32GB yokhala ndi swap ya 4GB ingaloledwe 20GB yokha. Mukaikweza kufika 80 malirewo amafika pafupifupi 29.6GB, ndipo mukhoza kutsimikiza powerenga CommitLimit mu `/proc/meminfo`. Njira imeneyi ndi ya seva ya database yokha, chifukwa mapulogalamu ena amapempha memori yambiri imene saigwiritsa ntchito ndipo akhoza kukana kuyaka.

Swap musaichotse yonse, koma tsitsani `vm.swappiness` kuchoka pa 60 kufika pa nambala yochepa monga 10, kuti kernel isafulumire kukankhira memori ya database pa disiki.

Masamba aakulu a memori, otchedwa huge pages, amapindulitsa `shared_buffers` ikafika ma GB angapo. Masamba wamba ndi a 4kB, ndiye kuti 8GB ili ndi masamba oposa 2 miliyoni, ndipo process iliyonse imasunga ndandanda yakeyake ya masamba amene yawakhudza, imene ikhoza kufika 16MB. Ma process 100 akhoza kudya 1.6GB pa ndandanda zokhazo. Masamba a 2MB amatsitsa chiwerengerocho kufika 4096. Kuyambira mu PostgreSQL 15, lamulo la `SHOW shared_memory_size_in_huge_pages;` limakuuzani masamba ofunika malinga ndi ma setting amene database yayakira; ikani nambala imeneyo mu `vm.nr_hugepages` n'kuyatsanso database. Setting ya `huge_pages` imayambira pa try, kutanthauza kuti masambawo akapanda kukwanira database imayaka mwakachetechete ndi masamba wamba, memori imene munapatula n'kungokhala osagwira ntchito. Choncho onani HugePages_Free mu `/proc/meminfo`: ikapanda kutsika database itayamba ntchito, masambawo sakugwiritsidwa ntchito. Zimenezi n'zosiyana ndi transparent huge pages, zimene malangizo a PostgreSQL salimbikitsa.

Chachisanu ndi chitatu, kukhazikitsa ndi kutsimikiza

Sinthani setting imodzi kapena ziwiri zogwirizana pa nthawi imodzi, ndipo ngati muli ndi seva yoyesera yambani kumeneko. Lamulo la `ALTER SYSTEM SET work_mem = '24MB';` limalemba mu fayilo ya `postgresql.auto.conf`, imene imaposa mphamvu `postgresql.conf`; anthu amazunguzika posintha `postgresql.conf` osaona kusintha kulikonse chifukwa choiwala mfundo imeneyi. Lembani `SELECT pg_reload_conf();` ndipo muyang'ane `pending_restart` mu `pg_settings` kuti mudziwe ma setting amene akudikira kuyatsidwanso kwa database. Mu MySQL 8.0, lamulo lofanana nalo ndi `SET PERSIST`, limene limalemba mu `mysqld-auto.cnf`.

Database ikangoyatsidwanso, `shared_buffers` imakhala yopanda kanthu ndipo ma query amachedwa kwa kanthawi, motero musaweruze ndi mphindi zoyambirirazo; extension ya `pg_prewarm` imatha kubwezeretsa masamba amene analimo kale. Musadalirenso nambala ya RES mu `top`, chifukwa imawerengera process iliyonse gawo la `shared_buffers` limene yakhudza, ndipo mukaphatikiza zonse mupeza memori yoposa imene seva ili nayo. Dikirani kuti nthawi yotanganidwa idutse, kuphatikizapo tsiku la malipoti aakulu ndi la backup, kenako yezaninso zomwe zija: si ndi so, available, `temp_bytes`, ndi nthawi ya ma query ofunika. Ngati available ikutsika kufika pansi pa gawo limene munasiyira cache, tsitsani `work_mem` kapena chiwerengero cha ma connection musanaganize zochepetsa `shared_buffers`.

Pofuna kubwerera pakale, lembani `ALTER SYSTEM RESET` kutsatira ndi dzina la setting. Database ikakana kuyaka chifukwa mwapempha memori yoposa imene ilipo, lamulo limenelo silingagwire ntchito popeza palibe polilembera, choncho tsegulani `postgresql.auto.conf` mu foda ya deta, fufutani mzere wolakwikawo ndi manja, kenako yatsaninso database ndi kuwerenga log kuti mutsimikize kuti yayaka ndi nambala yakale.